Mneni azitsata mwininkhani, osati dzina loyandikana naye

Ophunzira a Fomu 4 ankalephera mafunso a Chingerezi osankha chiganizo cholondola, chonsecho malamulo ankawadziwa pamtima. Nditaunika mayankho awo pa mapepala akale a MSCE, ndinapeza gwero lake: ankasankha mneni potengera dzina lomwe lili pafupi naye. Akawerenga "The box of mangoes are heavy", khutu limawanamiza chifukwa "mangoes are" zimamveka bwino.

Mankhwala ake anali pensulo. Asanasankhe yankho, ayambe akhwatcha mawu oyamba ndi "of", "with", "as well as" kapena "together with" omwe atchinga pakati pa mwininkhani ndi mneni. Pamatsala "The box ... heavy", ndipo "is" amaonekera yekha. Chichewa chomwe chinandithandiza pofotokoza: timati "bokosi la mango ndi lolemera", osati "olemera", ndipo pamenepa palibe mwana amaphonya.

Komatu pensulo si ya paliponse. Pa "either ... or" ndi "neither ... nor", mneni amatsatadi dzina loyandikana naye: "Neither the teacher nor the pupils were late." "A number of pupils" amafuna "are", pomwe "the number of pupils" amafuna "is". Awiriwa ndi ongoloweza basi.

Tsiku lililonse ndinkawapatsa ziganizo 10, ndipo pambali pa yankho ankalemba dzina lomwe likulamulira mneni. Wokhoza koma osalemba dzinalo sindinkamuchongera, chifukwa mwina wangolota.