Kuzizira kwa ku Dedza kusakunamizeni, dzuwa likuwotchabe

Alimi anzanga a ku Bembeke ndi ku Lizulu, ambiri timayesa ukali wa dzuwa ndi thukuta. Kukachita kamphepo timati lero dzuwa lafooka. Ayi ndithu. M'kuwala kwake muli cheza china chosaoneka, chosamveka n'kutentha komwe, chotchedwa UV. Chimenechi ndicho chimawononga khungu ndi kufulumizitsa ng'ala m'maso.

Kumtunda kuno chimakula mphamvu. Tauni ya Dedza ili pamwamba mamita pafupifupi 1,600, ndipo mukakwera mamita 1,000 chezachi chimawonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100. Choncho wopalira kachewere atavala juzi angathe kupsa kuposa mnzake wa mpunga ku Bwanje amene thukuta lili kamukamu.

Ubwino wake, chimaloseredwa ngati mvula. Akatswiri a zanyengo amaona pomwe dzuwa lidzakhale tsikulo, kuchuluka kwa mpweya wa ozoni womwe umatitchinjiriza kumwamba, kukwera kwa dera ndi mitambo, n'kuyerekeza ndi zimene zinayezedwa masiku ofanana m'mbuyomu. Yankho limakhala nambala imodzi, ya masana dzuwa lili paliwombo. Kuyambira 3 dzitetezeni, 8 mpaka 10 ndi yoopsa, 11 kupita m'tsogolo ndi yoopsa zedi. Amene muli ndi foni ya intaneti, pulogalamu ya SunSmart Global UV, yomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi anzake anakhazikitsa mu 2022, imaonetsa za masiku asanu. Mukaona, uzaniko anzanu ku kalabu.

Chimene chimawavuta akatswiriwa kulosera ndi mitambo. Ine ndiye sindiikhulupirira, chifukwa ikakhala yopyapyala cheza chambiri chimadutsa.

Kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni kumapeto kwa Okutobala ndi m'katikati mwa Febuluwale, pamene tili kalikiliki kugalauza mizere kapena kubandira. Lawirirani kumunda, ikamakwana 10 koloko muziweruka, mubwerere 4 koloko. Opanda foni yang'anani chithunzithunzi chanu: chikafupika kuposa msinkhu wanu, pitani pamthunzi mukasankhe mbewu kapena kukonza mipini. Ntchito ikakukakamizani, valani chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali. Kapusi imasiya makutu ndi khosi pamtunda.

Mwana wachialubino musamupatse ntchito yoweta mbuzi masana. Azidzola mafuta oteteza khungu a SPF 30 kapena kuposa (nambala yosonyeza mphamvu ya mafutawo, yolembedwa pabotolo), ndipo kachilonda kosapola pakhutu, pamlomo kapena pakhosi kakaonedwe kuchipatala msanga.