Momwe mungayezetsere katundu wanu kulabu ngati amalimbadi ku mabakiteriya ndi chuku

Mvula ikangoyamba mu Novembala, makoma a nyumba zambiri ku Kanyama ndi ku Chawama mu Lusaka amada ndi chuku. Nthawi imeneyi ndi pamene opanga penti, ogulitsa mapulasitiki okutira matiresi ndi osoka mayunifomu a kuchipatala amakonda kulemba pa katundu wawo kuti "amapha majeremusi". Kulembako n'kosavuta, koma wogula zambiri, monga chipatala kapena sukulu yogonera konko, adzakufunsani pepala la kulabu.

Choyamba, dziwani chimene mukufuna kuyezetsa. Mankhwala opha mabakiteriya sikuti amaletsanso chuku, ndipo chilichonse chili ndi kayezedwe kake. Pulasitiki ndi zinthu zina zosamwa madzi zimayezedwa pa mabakiteriya ndi njira ya ISO 22196, nsalu ndi ISO 20743. Pa chuku, pulasitiki imayendera ASTM G21, penti wa m'nyumba ASTM D3273. Lembani nambala ya njira yanuyo papepala musanapite, ndipo mukasokonezeka funsani a Zambia Bureau of Standards (ZABS) kuti katundu wanu akuyenera muyezo uti.

Kenako sankhani labu. Musangofunsa mtengo. Funsani ngati ili ndi chivomerezo cha ISO/IEC 17025, chosonyeza kuti labuyo imatha kuyeza molondola, ndipo muone nokha ngati njira yanuyo yalembedwa pa setifiketiyo. Labu itha kukhala yodalirika poyeza madzi akumwa koma osavomerezedwa pa nsalu.

Chachitatu ndi masampulo, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Pa ISO 22196 amafuna tizidutswa tafulati ta masentimita 5 mbali zonse. Tengani mitundu iwiri: tothira mankhwala anuwo, ndi tina tofanana nato ndendende koma topanda mankhwala. Popanda tachiwiriti, alabu alibe poyerekezera. Musatigwire ndi manja wamba, ndipo musatipukute ndi Jik poganiza kuti mukuthandiza, chifukwa zotsalira zake zidzapha mabakiteriya ndipo pepala lidzakunamizani. Osoka nsalu atumizenso chidutswa chochapidwa kangapo. Yunifomu imachapidwa mlungu uliwonse, nanga mankhwala otha pa kuchapa koyamba athandiza ndani?

Pa ISO 22196, kulabuko amadonthezera madzi okhala ndi mabakiteriya a Staphylococcus aureus ndi Escherichia coli pa sampulo, kuphimba ndi kapulasitiki kopyapyala, ndi kusunga pa madigiri 35 m'malo achinyezi kwa maola 24. Akatero amawerenga otsala amoyo. Chuku sichifulumira choncho: amawaza mbewu zake, za mitundu ngati Aspergillus, ndi kudikira masiku 28. Amene akulonjezani zotsatira za chuku m'masiku atatu, mukayikireni.

Pepala likatuluka, liwerengeni mofatsa. Pa mabakiteriya, ngati njira ndi ISO 22196, mudzaona nambala ya R. Ikakhala 2, ndiye kuti pa sampulo yanu mabakiteriya achepa ndi 99 pa 100 alionse poyerekeza ndi yopanda mankhwala ija. Ikakhala 3, achepa ndi 999 pa 1,000. Pa chuku samalani, chifukwa njira ziwirizi zimawerenga mosemphana. Pa ASTM G21, 0 ndiye kuti sipanamere kanthu ndipo 4 ndi chuku chochuluka. Pa ASTM D3273, 10 ndiye wabwino koposa. Musasangalale kapena kudandaula musanaone kuti nambalayo ndi ya njira iti.

Pa lebulo lembani zokhazo zimene zayezedwa. Kuno ku Lusaka tonse timaopa kolera mvula ikagwa, ndipo mtima ungakuuzeni kulemba kuti katundu wanu amateteza ku matendawa. Musatero: kolera imayamba ndi Vibrio cholerae, amene sali m'gulu la awiri aja. Ndipo mukasintha kumene mumagula mankhwala, kapena kuchepetsa mlingo wake, muyenera kuyezetsanso.