Kukonzekeretsa galimoto yakale kuti ipirire mpikisano wa maola ambiri

Ku America kuli mpikisano wa galimoto wotchedwa 24 Hours of Lemons, umene Jay Lamm adauyambitsa mu 2006 pa bwalo la Altamont ku California. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti ndalama zogulira galimoto ndi zoikonzera zisapitirire madola 500, kupatula za zida zotetezera moyo, mabuleki, marimu ndi matayala. Olowa mpikisanowu ndi anthu wamba amene amasinthana chiwongolero, kawirikawiri Loweruka ndi Lamlungu, ndipo amapambana ndi amene azungulira bwalo maulendo ambiri. Galimoto ikakhala pa jeke ola lathunthu, maulendo otayikawo sangabwezedwe ngakhale injini itakhala yamphamvu chotani. Choncho ndalama zochepazo ndi nthawi yanu zipite ku zinthu zimene zimafa msanga galimoto ikathamangitsidwa tsiku lonse, osati ku zowonjezera liwiro.

Yambani ndi madzi oziziritsa injini, pakuti kutentha ndiko kumapha injini zambiri pa mipikisano yotere. Chotsani rediyeta, muitsuke mkati ndi kunja mpaka matope ndi dzimbiri zithe, ndipo ngati mitu yake ndi ya pulasitiki ndipo yayamba kusintha mtundu, musaikhulupirire. Finyani paipi ya madzi iliyonse ndi dzanja injini itazizira: imene yafewa kwambiri, yatupa pafupi ndi chomangira, kapena ikumveka kuuma ngati ikufuna kuthetheka, ichotsedwe. Sinthani pampu ya madzi, thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha) ndi chivundikiro cha rediyeta, chifukwa chivundikiro chotopa sichisunga mphamvu ya mpweya ndipo madzi amawira msanga. Ngati injini ili ndi timing belt (lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka ziwalo za m'kati mwa injini) imene simukudziwa kuti idasinthidwa liti, isintheni pamodzi ndi pampuyo mudakali pamalo amodzi. Malamulo a Lemons amaletsa antifreeze chifukwa ikatayikira pamsewu imaterera kwambiri, kotero muitsukuluze yonse ndi kuthira madzi okhaokha. Chinthu china chimene ambiri amachinyozera ndi mipata ya m'mbali mwa rediyeta. Mphepo imadutsa pamene pali pophweka, ndiye ngati simutseka mipatayo ndi malata opyapyala kapena siponji, yambiri imalambalala rediyeta osaiziziritsa.

Oyilo naye ali ndi vuto lake. Galimoto ikamakhota mwaliwiro pa ngodya yaitali, oyilo amakankhidwira mbali imodzi ya sampu (mbale yosungira oyilo pansi pa injini) ndipo pampu ya oyilo imatha kukoka mpweya kwa kanthawi, zimene zimadya mabering'i a injini pang'onopang'ono mpaka iyambe kugogoda. Kuwotcherera timalata totchinga mkati mwa sampu kumathandiza, komanso nyali yaikulu yochenjeza yoikidwa pamaso penipeni pa woyendetsa, pakuti munthu amene ali pakati pa galimoto zinzake sayang'ana geji yaing'ono. Paliponse pamene pakuchucha pakonzedwe tsopano, chifukwa galimoto yodontheza oyilo imatulutsidwa m'bwalo.

Pa mabuleki musaumire, popeza malamulo sakuwerengerani ndalama zake. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akamakalamba: a mtundu wa DOT 4 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 a Celsius, koma akalowa madzi malire ake amatsika kufika pa 155, ndipo akawira phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Khuthulani onse, thirani atsopano opirira kutentha, ndipo mupope mpaka thovu lithe pa gudumu lililonse. Ikani mapadi opangidwira mipikisano yaitali ndi mapaipi a buleki atsopano. Galimoto idakali m'mwamba, gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze, kenako mulizungulitse mukumvetsera. Kugwedera kulikonse kapena kulira kokhala ngati muli mchenga ndi chizindikiro chakuti bering'i yatha, ndipo kutentha kwa mabuleki kudzaimaliza tsiku lisanathe.

Za chitetezo tsatirani buku la malamulo la chaka chimenecho liwu ndi liwu. Zitsulo zotchinga woyendetsa galimoto ikagubuduzika ziwotcheredwe ndi mmisiri wodziwa ntchitoyo, ndipo polumikiza paliponse pawotcheredwe kuzungulira, ngakhale pamwamba pafupi ndi denga pamene dzanja limavuta kufika, chifukwa oyendera galimoto mpikisano usanayambe amayang'ana pomwepo. Onani madeti a pa malamba a mpando, mangani batire ndi chitsulo, phimbani mutu wake wa moto, ndipo yesani switchi yozimitsira magetsi injini ikulira. Ikapanda kuzima nthawi yomweyo, mawaya a alternator (chipangizo chopanga magetsi injini ikamalira) sadalumikizidwe bwino.

Ntchito yonseyi ithe kudakali milungu iwiri kapena itatu, kuti mupeze tsiku loyesa galimoto pa bwalo. Ineyo ndimaona kuti tsikuli ndi lofunika kuposa chitsulo chilichonse chimene mungagule, chifukwa zolakwika zambiri zimaonekera pokhapokha galimoto yatentha ndi kugwedezeka kwa nthawi yaitali. Musanapite, pitani ndi sipanala pa bawuti iliyonse ya miyendo, chiwongolero, mabuleki, injini ndi ekizozi, ndipo imene mwaimanga muilembe kamzere ka penti kochokera pamutu wake kufika pa chitsulo chimene yagwira. Mukabwerako muzingoyang'ana ndi tochi: pamene kamzere kasiyana, bawutiyo yakhwefuka. Tsiku lomwelo oyendetsa onse ayesere kutuluka msanga atavala helimeti ndi malamba, ndipo muwerengere malita amene galimoto ikumwa pa ola kuti mudziwe nthawi yosinthana.

Masipeya longedzani m'mabokosi olembedwa kunja: alternator, sitata, pampu ya petulo, mapaipi, malamba a injini, mafyuzi, mapadi, ndi habu (chitsulo chimene gudumu limamangidwirapo) yathunthu yokhala kale ndi bering'i yake, popeza kusintha habu yonse n'kwachangu kuposa kukhoma bering'i pa bwalo. Musanachiike m'bokosi, chilichonse muchiyese kaye pa galimotoyo kuti mutsimikize kuti chikulowa ndi kugwira ntchito, ndipo mulembe pa bokosilo masaizi a masipanala ofunika pochisintha. Usiku womaliza musayikenso chinthu chatsopano chimene sichidayesedwe. Onani oyilo, madzi, mpweya wa m'matayala ndi mabawuti a magudumu, kenako oyendetsa akagone.