Mmene mungaphunzitsire ana a Sitandade 7 ndi 8 kufufuza ngati asayansi

Mukafunsa mwana wa Sitandade 7 kuti wasayansi ndi ndani, kawirikawiri amatchula munthu wovala chovala choyera amene amasakaniza mankhwala m'mabotolo kudziko lakutali. Yambirani pomwepo, aphunzitsi anzanga, chifukwa mwana amene ali ndi maganizo amenewa saona kuti ntchitoyi ingamukhudze iyeyo. Muuzeni za ofufuza za nsomba a ku Monkey Bay, amene amawerenga ndi kuyeza kutalika kwa chambo, utaka ndi usipa zimene asodzi abwera nazo padoko, n'kumalemba mwezi ndi mwezi kuti adziwe ngati nsomba zikuchepa kapena zikugwidwa zisanakhwime. Lamulo lotseka nyanja pa nyengo imene chambo chikuswana, limene makolo a ana athu kuno ku Mangochi amalidziwa bwino, limadalira zolemba zoterozo. Mungawonjezere nkhani ya Ronald Ross, amene m'chaka cha 1897 ku India ankang'amba udzudzu umodziumodzi n'kumauyang'ana pa maikulosikopu, mpaka anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu umene unaluma munthu wodwala, pa nthawi imene anthu ambiri ankati nthendayi imabwera ndi mpweya woipa wa m'madambo.

Nkhani zimenezi zisatenge phunziro lonse. Ana amamvetsa ntchito ya wasayansi akaigwira okha, ndipo chovuta kwambiri kwa ife aphunzitsi ndi kudziletsa kuti tisawauze yankho msanga.

Funso labwino lichokere kunyumba kwawo. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika pachimake kuno kunyanja, mwana aliyense amadziwa kuti madzi a mumtsuko amakoma kuposa a m'ndowa ya pulasitiki. Lembani pabolodi kuti, "Kodi mtsuko umaziziritsadi madzi kuposa ndowa?" Asonyezeni kuti funsoli lingayesedwe, pamene funso lakuti "Kodi madzi okoma ndi ati?" silingayesedwe, chifukwa aliyense ali ndi pakamwa pake. Kenaka mwana aliyense alembe m'kope zimene akuganiza kuti zichitika ndi chifukwa chake, asanakhudze kanthu kalikonse. Musachonge zimenezi ndi cholembera chofiira, pakuti mwana akaona kuti kulosera molakwa kumalandira chilango, amadikira kuti amve kaye zimene aphunzitsi akufuna.

Pokonza kayesedwe m'pamene muyenera kukhalitsa. Funsani ana kuti tichite bwanji kuti mtsuko kapena ndowa isakonderedwe, ndipo alekeni atsutsane. Wina adzanena kuti madzi achokere pamjigo umodzi nthawi imodzi. Wina adzaona kuti akhale ochuluka mofanana, mwina malita 5 uku ndi malita 5 uko. Ngati palibe amene watchula za malo, ikani dala ndowa padzuwa ndi mtsuko pansi pa mtengo wa mango, ndipo mudzamva kalasi yonse ikudandaula kuti mwakondera. Dandaulo limenelo ndilo phunziro lenileni, pakuti ana azindikira okha kuti poyesa timasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya zofanana. Zotengera zonse ziwiri zikhale pamthunzi umodzi, ndiponso zivundikiridwe.

Ngati sukulu ili ndi choyezera kutentha cha mu labotale, ana ayeze madziwo nthawi ya 8 koloko, 10 koloko ndi 12 koloko, n'kulemba manambala m'mizere yoonetsa nthawi, mtsuko ndi ndowa. Choyezera cha kuchipatala chija cha m'khwapa sichithandiza, chifukwa chimayambira pa madigiri 35. Ngati mulibe choyezera, musataye mtima. Ana khumi atseke maso, aliyense apatsidwe makapu awiri osadziwa kuti madzi achokera kuti, anene ozizira, ndipo wina aziwerenga mayankho. Afunseni chifukwa chake tawatsekera maso. Akayankha kuti munthu akadziwiratu amakondera zimene amakhulupirira kale, dziwani kuti afika pamfundo imene ngakhale oyesa mankhwala atsopano amaisamala kwambiri.

Mawa lake ana ayeze madzi otsala pothira m'botolo la lita imodzi, osati ndi rula, popeza mtsuko ndi ndowa n'zosiyana maonekedwe. Adzapeza kuti a mumtsuko achepa kuposa a m'ndowa, ndiponso kuti kunja kwa mtsuko kuli chinyezi. Apa aphunzitseni kusiyanitsa zimene aona ndi zimene akuganiza. "Kunja kwa mtsuko kwanyowa" ndi choona ndi maso, pamene "mtsuko ukudontha" ndi ganizo loyenera kuliyesa. Akakambirana mokwanira, m'pamene mungafotokoze kuti madzi amadutsa pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, ndipo akamauma kunjako amachoka ndi kutentha, monga mmene thukuta limaziziritsira thupi.

Kalasi ikakhala yaikulu, gawani ana m'magulu ndipo aliyense akhale ndi ntchito, wina woyeza, wina wolemba, wina wosunga nthawi. Onetsetsani kuti atsikana nawonso agwira choyezera, asamangopatsidwa kope. Zotsatira za magulu zikasiyana, musafufute zimene zaoneka zachilendo, koma afunseni chimene chinasiyana, kenaka abwereze. Ndimaona kuti n'kofunikanso kulola ana kukambirana m'Chiyao kapena m'Chichewa asanalembe m'Chingerezi, chifukwa mwana amene akulimbana ndi mawu sapeza mpata woganizira za madziwo.

Ana akazolowera, adzafuna kufufuza za kunyanja kapena kumtsinje wa Shire. Chidwi chimenecho n'chabwino, koma musawatume kukatola nkhono m'madzi ndi manja, chifukwa nkhono zina za m'mphepete mwa nyanja zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo m'mabango mumabisala ng'ona. Mafunso oti n'kuyesa pabwalo la sukulu alipo ambiri. Ngati n'zoona kuti mtsuko umazizira chifukwa cha madzi amene amauma kunja kwake, kodi chingachitike n'chiyani titaukulunga ndi pepala la pulasitiki? Lembani funso limenelo pabolodi Lachisanu, ana alosere m'makope awo, ndipo pemphani makolo awiri akubwerekeni mitsuko yofanana kukula kuti Lolemba muyese.