Momwe mungayambire kugwiritsa ntchito printa ya 3D kunyumba kuno ku Mangochi

Printa ya 3D imasungunula chingwe cha pulasitiki chotchedwa filament n'kumachiyala mzere pamwamba pa mzere, ngati mmene woumba mbiya amasanjikira dongo. Makina ngati Ender 3 a kampani ya Creality, omwe ambiri amayambira, amaumba chinthu chofika masentimita 22 mulitali ndi mulifupi, ndi masentimita 25 msinkhu. Si aakulu, koma chivundikiro cha mabatire cha rimoti kapena choikapo foni amatulutsa bwinobwino.

Choyamba, musanalumikize kumagetsi, yang'anani kaswichi kamene kamakhala pa bokosi la magetsi la makina ambiri, kolembedwa 115 ndi 230. Kuno ku Malawi timagwiritsa ntchito 230. Kakakhala pa 115, mudzawotcha makina musanaumbe kanthu. Aikeni pa tebulo losagwedera, kutali ndi zenera lolowetsa fumbi, ndiponso pomwe ana sangafike, chifukwa kamlomo kotulutsira pulasitiki kamatentha kufika madigiri 200 kapena kuposa.

Chachiwiri, gulani filament ya PLA ya mamilimita 1.75. Ndiyo yosavuta kwa woyamba. Kamlomo kakhale pakati pa madigiri 190 ndi 220, bedi (mbale yotentha imene choumbacho chimakhalapo) pa 50 mpaka 60.

Tsopano apa ndiye pagona nkhani: kulinganiza bedi. Tenthetsani makina kaye, chifukwa chitsulo chikatentha chimafutukuka. Tengani pepala wamba la A4, muliike pakati pa kamlomo ndi bedi, pakona imodzi. Pukusani kagudumu kapansi mpaka pepala lizikoka pang'ono koma lizisunthabe. Chitani pamakona onse anayi, mubwerezenso, popeza mukakonza kona ina inzake imasokonekera, kenako muyese pakati. Makina atsopano ena amadziyeza okha, komabe musachokepo mzere woyamba ukuyalidwa. Ukamatuluka wobulungira osamatirira, kamlomo kali patali. Kamlomo kakamakwecha bedi pulasitiki osatuluka, kayandikira kwambiri. Ambiri amaimba mlandu makina pomwe vuto lili pa mzere woyambawu. Ndipo bedi musamaligwiregwire, mafuta a m'manja amalepheretsa pulasitiki kumata.

Kenako pezani choumba. Pa masamba a pa intaneti a Thingiverse ndi Printables pali mafayilo aulere a STL, omwe ndi zithunzi za zinthu zoti muumbe. Yambani ndi 3DBenchy, kabwato kakang'ono koyesera makina (anthu a kunyanja ife kangativute bwanji?). Fayiloyo itseguleni mu Cura, pulogalamu yaulere ya pakompyuta imene imaduladula chithunzi kukhala mizere. Sankhani mzere wa mamilimita 0.2, infill (kuchuluka kwa pulasitiki yodzaza mkati mwa choumba) ya 20 peresenti, musunge G-code (fayilo ya malangizo imene makina amawerenga) pa memori khadi, n'kuilowetsa m'makina. Mukazolowera mudzajambula zanu pa Tinkercad, pulogalamu yojambulira ya pa intaneti.

Zimene mabuku a makinawa sanena ndi za nyengo yathu. PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, ndiye chinthu chosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala kuno chimapindika. Chogwira ntchito panja kapena m'boti muumbe ndi filament ya PETG, yomwe imapirira kutentha, ngakhale imafuna kamlomo pa madigiri 230 mpaka 250.

Chinyezi cha m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire nachonso si bwenzi la filament. Ikayamwa chinyezi imathetheka potuluka, imathothoka, ndipo choumbacho chimadzaza timaulusi. Mukamaliza, ibwezereni m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silika jelo timene imabwera nato.

Za magetsi, dziwani kuti chinthu chachikulu chimatha kudya maola khumi kapena kuposa. Makina ena amapitiriza pomwe analekezera magetsi akabwera, koma bedi likazizira choumbacho chimamatuka, ntchito yonse n'kuwonongeka. Ngati muli ndi sola, batire ndi inivata ya mawati 500 kapena kuposa, lumikizani pamenepo, chifukwa makinawa amakoka mawati pafupifupi 300 potenthetsa, kenako amatsika. Ngati mulibe, gawani chinthu chachikulu mu Tinkercad kukhala zidutswa za maola awiri kapena atatu, mudzazimate ndi supagulu.