Timatoti tosavuta tolandirira alendo paphwando la pakhomo

Paphwando lililonse la pakhomo pamakhala kanthawi kena kozizira. Alendo afika, nyama sinapse, aliyense wakhala pampando wake ngati ali pamzere wa kuchipatala, maso pafoni. Kanthawi kameneko ndi ka timatoti. Thireyi ikangozungulira kamodzi, anthu amene amayang'anana m'mbali amayamba kufunsana za kumudzi.

Ine ndinaziphunzira ku Joni, komwe ndinatsuka matambula m'bala ina ya ku Johannesburg zaka ziwiri, maso ali pamanja a wosakaniza mowa. Chimene ndinaona n'chakuti katoti kabwino ka munthu wosazolowera si jini wouma wowotcha kukhosi. Theka lokha ndiye mowa, theka linalo n'chokometsera. Munthu amwe, amwetulire, apitirize kucheza ali chiimire.

Zida simusowa kugula zambiri. Mufunika timatambula ting'onoting'ono ta 25 ml, tapulasitiki timakwana ndipo palibe amene angakulireni akaphwanya. Chogwedezera chachitsulo chija musiyire a m'bala, botolo la mayonezi lotsuka bwino, lotseka molimba, limagwira ntchito yomweyo. Onjezani sefa ya tiyi, supuni yaing'ono ndi ayisi wambiri. Ayisi muumitseni kudakali masiku awiri, chifukwa magetsi amadziwa kuthima tsiku lenileni la phwando. Powerengera, botolo la 750 ml limatulutsa matoti 30 osasakaniza, ndiye mukamasakaniza theka ndi theka botolo limodzi likupatsani timatambula 60. Anthu 15 simusowa mabotolo asanu ayi.

Mowa wake ndi Malawi Gin kapena vodika iliyonse, ndi Premier Brandy ngati pali okonda mowa wakuda. Apa ndichenjeze. Pali anyamata ena amene amayenda ndi chikwama kumbuyo, n'kukunong'onezani kuti bwana ndili ndi katundu wa theka la mtengo. Botolo limakhala lenileni, za m'katimo n'zimene sizidziwika. Pogula, potozani chivindikiro pang'ono muone ngati kamkombero kake sikanaduke, yang'anani chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, pa mowa wopangidwa kuno, ndipo pepala la pabotolo likakhala lomatidwa mokhota libwezeni. Mowa wachinyengo nthawi zina umakhala ndi methanol, amene amapha maso, ena amapita nawo kumanda. Mukausakaniza ndi shuga ndi ndimu palibe mlendo angaumve fungo, ndiye mlandu wonse uli pa inu amene munagula.

Musanayambe china chilichonse phikani manyuchi a shuga. Kapu imodzi ya shuga, kapu imodzi ya madzi, pamoto wochepa mpaka shuga asungunuke, kenako muziziritse. Shuga wouma sasungunuka mu mowa wozizira, amangokhala pansi ngati mchenga.

Katoti koyamba ndi ka ndimu. M'botolo la mayonezi lija thirani matoti 6 a jini kapena vodika, matoti 3 a madzi a mandimu osefa, matoti 3 a manyuchi, ndi ayisi wodzaza dzanja. Gwedezani mpaka botolo lichite thukuta ndi kuzizira m'manja. Zikwanira anthu 12, ena awiri n'kupatsidwa zotsalira. Ngati mukufuna anthu aone kuti munakonzeka, pakani kachidutswa ka ndimu kukamwa kwa katambula n'kukazika chozondoka m'mbale ya shuga musanathire. Mandimu gulani pamsika, a khungu lopyapyala ndi amene ali ndi madzi, ndipo muwakunkhunize patebulo ndi chikhatho musanadule. Ajuwisi a m'botolo olembedwa ndimu aja asiyeni, amamveka mankhwala.

Kachiwiri ndi ka malambe, ndipo aka ku Joni sindinakaone, ndinangoyesa ndekha nditabwera. Viikani malambe m'madzi ofunda kwa ola limodzi, fikisani ndi manja, sefani kawiri kuti ulusi uja uchoke. Akhale olemera ngati phala lamadzimadzi. Thirani manyuchi mpaka kuwawasa kuchepe koma kusathe, ndiye theka malambe, theka jini. Mukadula kansonga kakang'ono ka tsabola wa kambuzi n'kukagwedezera limodzi, mudzamva anthu akufunsa kuti mwathiramo chiyani. Kansonga ndatero, osati kambuzi wathunthu.

Tsopano tifike pomwe ndinagwa nacho.

Ku South Africa kuli katoti kotchuka kotchedwa Springbokkie, kobiriwira pansi, kotuwira pamwamba, kutengera mitundu ya yunifolomu ya timu yawo ya rugby. Pansi amathira mowa wotsekemera wa peppermint, pamwamba Amarula, uja wopangidwa ndi zipatso za mfula ndi kirimu wa mkaka, wa mphamvu ya 17 peresenti. Mukakaona koyamba mumayesa n'zamatsenga kuti mitundu iwiri ikhale m'katambula kamodzi osasakanikirana. Chinsinsi ndi kulemera basi. Cha shuga wambiri chimamira, chopepuka chimayandama, monga mmene mafuta amakhalira pamwamba pa msuzi.

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa alamu anga, akulu ake a mayi a kunyumba, ndinalonjeza kuti ndiwaonetsa za ku Joni. Amarula ndinagula, mtima ukuwawa, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chimaluma m'thumba. Wa peppermint ndinazungulira masitolo atatu osamupeza. Ndiye ndinadziuza kuti chobiriwira n'chobiriwira, ndinagula sikwashi wa layimu, n'kufinyiramo mandimu awiri kuti amveke bwino, n'kuthiramo jini pang'ono. Ndinadzaza timatambula 20, n'kuyandamitsa Amarula pamwamba bwinobwino, dzanja losanjenjemera. Poziyang'ana pathebulo la kukhitchini zinali zokongola moti ndinajambula.

Kuchokera kukhitchini kufika pakhonde ndi mapazi osakwana makumi awiri. Pofika, kirimu uja anali atayamba kuduka, timibulu toyera tikutsika pang'onopang'ono m'madzi obiriwira ngati mazira a chule. Alamu ananyamula katambula kamodzi, n'kukayang'anitsa padzuwa, n'kunena mofatsa kuti, "Alamu, ku Joni kuja munkakaphunzira kupanga chambiko?" Apongozi aakazi, amene chifikireni anali asanatsegule pakamwa, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Theka la botolo la Amarula linathera m'ngalande.

Alamu sanalakwe. Chimene chinachitika ndi chomwecho chimene chimachitika popanga chambiko: mkaka ukakumana ndi chowawasa umagwirana mibulu. Choncho lamulo lake ndi ili, mowa uliwonse wa kirimu usakhudzane ndi ndimu, layimu, malambe, bwemba, chidede, Sobo, ngakhale toniki. Ndipo si m'kusakaniza mokha. Katambula kamene mwamwetsera ka ndimu, mukathiramo Amarula musanatsuke, timadontho totsalira tija tikwanira kukuyalutsani. Supuni nayonso chimodzimodzi. Ine masiku ano timatambula ta kirimu ndimatiika pathireyi pawokha.

Ngati peppermint mwamupeza, chitani chonchi. Mabotolo onse awiri agone m'firiji, ozizira amagawikana bwino. Thirani wobiriwira mpaka theka la katambula. Tengani supuni yaing'ono, itembenuzeni msana uyang'ane kumwamba, nsonga yake igunde khoma la katambula m'kati, pamwamba pang'ono pa mowa wapansiwo. Thirani Amarula pamsana pa supuniyo pang'onopang'ono, ngati mukuthira mankhwala a m'maso. Osathira kuchokera m'botolo lalikulu, limabwera ndi mphamvu n'kuboola mpaka pansi. Tsanulirani kaye m'kajagi ka mkaka kapena m'kabotolo ka kukamwa kochepa. Timatambula tiwiri toyamba tidzasokonekera, imwani nokha musauze munthu, kachitatu dzanja lidzakhala litazolowera. Ndipo musathire kudakali ola lathunthu, thirani thireyi ikatsala pang'ono kutuluka.

Ngati simunamupeze, njira yachidule ilipo ndipo ine ndimaikonda kuposa yeniyeniyo. Fulani khofi wamphamvu, wa Mzuzu Coffee amachita bwino, theka la kapu. Adakali wotentha sungunulanimo shuga wofanana naye muyezo, aziziretu, kenako onjezani toti imodzi kapena ziwiri za brandy. Ameneyo ndiye wapansi. Shuga musaumire, ndi amene akugwira Amarula kuti asamire. Zimatuluka zakuda pansi, zotuwa pamwamba, ndipo khofi sadula kirimu ngati ndimu.

Amene thumba lakana Amarula asadandaule. A ku Joni omwewo ali ndi kena kotchedwa melktertjie: chitini chimodzi cha mkaka wa kondensi, chitini chimodzi cha mkaka wa evaporated, theka la botolo la vodika, gwedezani, ikani m'firiji, pothira wazani sinamoni pamwamba. Kamakoma ngati maswiti, ndipo vuto lake ndi lomwelo, azakhali amene amati samwa amapempha kachitatu.

Za timatoti ta jelly, touma tonjenjemera todya ndi supuni, mwina munaziona pa Facebook. Paketi imodzi ya jelly, kapu ya madzi owira, kusungunula, theka la kapu la madzi ozizira, theka la kapu la vodika, m'timakapu, m'firiji usiku wonse. Musaikemo nanazi wamuwisi kapena papaya, sizigwira ngakhale mudikire sabata. Ndipo muzibise pamwamba penipeni m'firiji, ana amayesa n'zawo.

Zotsala mukuzidziwa. Thireyi itulukire anthu atadyako kanyenya kapena chipisi, izungulire kawiri, katatu pakhale polekezera, ndipo jagi ya madzi akumwa isachoke patebulo. Wosakwana zaka 18 ndi woyendetsa galimoto muwathirire malambe opanda jini m'katambula komweko, palibe adzasiyanitse. Timatambula ta kirimu tiviikeni m'madzi usiku womwewo musanagone, chifukwa kondensi akaumira pansi pa katambula kakang'ono kaja chala sichifikapo, mudzakhalira kukolokosa ndi mswachi m'mawa wonse, mutu ukuwawa.