Mmene Mungapemphere Kuti Thandizo la Boma ku Sukulu ya Mkombaphala Lipitirire

Popeza chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, komiti ya sukulu ya mkombaphala, kaya ili ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa mu mzinda wa Mzuzu, iyenera kulemba pempho lake kudakali miyezi ingapo. Yambani ndi kaundula wa ana wosonyeza amasiye ndi aulumali, chifukwa kaundula ndi umboni wolemera kuposa madandaulo apakamwa. Phatikizaniponso malisiti onse a ufa wa phala ndi zina zimene munagula ndi thandizo lapitalo, pakuti lisiti limodzi losowa likhoza kukayikitsa ntchito yonse.

Kenaka perekani pempholo ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo kalata ina ipite kwa khansala wa wodi yanu kuti akalankhule nkhaniyi ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu. Pemphaninso maphunziro a alezi a ana, amene ambiri amagwira ntchito mongodzipereka.